Kuchokera m'kalasi kufika pa madzi a ubatizo

Munthu wamkulu akabwera kwa ine monga mkulu wa mpingo n'kunena kuti akufuna kubatizidwa, sindithamangira cholembera. Ndimayamba ndamufunsa kuti, kodi simunabatizidwe muli khanda? Ambiri mu Blantyre muno anabadwira kumudzi, ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Ntcheu, ndipo sadziwa kuti mayi awo anawaberekera kale kwa abusa ali ndi miyezi itatu. Imbirani foni mayi kapena azakhali, safunsa anadya phula. Ngati khadi la ubatizo linadyedwa ndi chiswe, dzina lanu likhoza kupezeka m'kaundula wa mpingo wa kwanuko, ndipo mlembi wa kumeneko angathe kukulemberani kalata. Ife a CCAP sitibatiza munthu kawiri, pakuti Aefeso 4:5 imanena za Ambuye mmodzi, chikhulupiriro chimodzi ndi ubatizo umodzi. Wobatizidwa ali mwana amalowabe kalasi yophunzitsa chikhristu, koma tsiku lake amangovomereza chikhulupiriro pamaso pa mpingo popanda madzi. Ngati munabatizidwa ku mpingo wina, nenani poyera. Abusa ndi seshoni, lomwe ndi bwalo la akulu a mpingo, adzafuna kudziwa ngati panali madzi, komanso ngati anatchula dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera.

Zimenezi zikadziwika, ndimakutumizani kwa mkulu wa mpingo wa m'mlaga (chigawo cha mpingo cha m'dera lanu) umene mukukhala, chifukwa ndiye adzakuchitireni umboni. Dzina lanu limalembedwa m'buku la kalasi. Perekani dzina lomwe lili pa chiphaso chanu cha unzika, ndi kalembedwe kake komwe. Ena amalembetsa dzina la kuntchito kapena lopatsidwa ndi anzawo, ndiye zimadzavuta pa nthawi ya ukwati, zikalata zikumatchula anthu awiri osiyana.

Kalasi si ya masabata awiri. Imatenga miyezi, ndipo mphunzitsi amaitana mayina nthawi iliyonse. Apa mpamene ogwira ntchito ya mashifiti, alonda ndi ogulitsa mu msika wa Limbe amagwera. Akajomba kangapo amachita manyazi, n'kusowa osatsanzika. Nenani msanga za nthawi yanu ya ntchito, aphunzitsi amadziwa kuthandiza munthu wofotokoza. Zoloweza pamtima ndi Malamulo Khumi, Pemphero la Ambuye ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, kuphatikizapo mafunso a katekisimu. Wosadziwa kuwerenga asaope, zimenezi zimalowezeka ndi khutu. Khalani ndi Baibulo lanulanu, kaya Buku Lopatulika, kaya Buku Loyera lomwe linatuluka mu 1998 ndipo Chichewa chake n'chosavuta kumva.

Nkhani ya banja ikonzeni kalasi ikadali pakati. Ngati munangolowana osadziwitsa ankhoswe, kapena pali mitala, musabise mpaka sabata ya mayeso. Seshoni imadzamva ndithu, ndipo dzina limaimitsidwa zovala za tsikulo mutasoketsa kale. Uzani mkulu wa mpingo wanu, iye akupititseni kwa abusa kuti akuuzeni chochita.

Tsopano mayeso. Mumakhala pamaso pa akulu a mpingo, nthawi zina ndi abusa omwe. Zoloweza zija ambiri amazilakatula bwino. Funso limene ine sindilidumpha ndi ili: mukudalira chiyani kuti Mulungu akulandireni? Mayankho amene ndimamva kawirikawiri ndi akuti "ndinasiya mowa", "sindijomba kutchalitchi", kapena "ndikabatizidwa machimo anga achoka". Wina amachita kuulula kuti akuopa kudzaikidwa m'manda popanda nyimbo za mpingo, kapena kuti chibwenzi chake chikufuna ukwati woyera. Zonsezi ndimazimvetsa, ndipo sindinyoza munthu chifukwa cha izo, koma palibe yankho limene latchula Yesu. Aefeso 2:8-9 imati tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, si mwa ntchito, kuti wina asadzitame. Chotsuka machimo ndi mwazi wa Khristu amene anafa m'malo mwathu nauka. Chikhulupiriro ndi dzanja lolandirira mphatsoyo. Madzi ndi chizindikiro ndi chidindo chake.

Ndimakonda kufotokoza ndi kalata ya malo. Mukagula puloti, amfumu amadinda kalata yonena kuti malowo ndi anu. Chidindo chija n'chofunika, mwini malo wanzeru sachoka asanachilandire. Koma chidindo pa pepala losalembedwa sichikupatsani ngakhale phazi limodzi la dothi. Paulo ananena chimodzimodzi za Abrahamu pa Aroma 4:11: anayesedwa wolungama mwa chikhulupiriro asanadulidwe, mdulidwe unabwera pambuyo ngati chosindikizira.

M'Baibulo muli anthu atatu amene ndimafuna wa kalasi aliyense awadziwe. Simoni wamatsenga wa ku Samariya, pa Machitidwe 8, anabatizidwa bwinobwino, koma atafuna kugula mphamvu ya Mzimu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti mtima wake sunali wolungama pamaso pa Mulungu. Madzi anamukhudza, mtima unatsala. Wachifwamba wopachikidwa pambali pa Yesu, pa Luka 23, sanatsike pa mtanda kukafuna mtsinje, koma analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Korneliyo, pa Machitidwe 10, analandira Mzimu Woyera Petro ali m'kati molalikira, ndipo Petro sananene kuti basi zakwana, analamula kuti iye ndi a m'nyumba mwake abatizidwe. Wachitatuyu amatseka pakamwa anthu onena kuti "ine ndimakhulupirira mumtima, ubatizo ndi mwambo chabe". Ndi Yesu mwini analamula ubatizo pa Mateyu 28:19. Woyang'anira ndende wa ku Filipi atakhulupirira anabatizidwa usiku womwewo. Munthu wonena kuti amakhulupirira Ambuye koma n'kumakana chizindikiro chimene Ambuyeyo anaika, ndimamupempha adzifunsenso. Onaninso Marko 16:16. Chiganizo choyamba chimaphatikiza kukhulupirira ndi kubatizidwa, koma chachiwiri, chonena za kulangidwa, chimangotchula kusakhulupirira.

Ndinene zoona kuti Akhristu sitifotokoza mofanana pamenepa. Akatolika amaphunzitsa kuti ubatizo weniweniwo umachotsa tchimo ndipo ndi wofunika pa chipulumutso, ngakhale amavomerezanso kuti wophunzira chikhristu amene wamwalira akulakalaka ubatizo, kapena wophedwa chifukwa cha Khristu, sataika. A Baptist ndi a Seventh Day amabatiza okhulupirira okhaokha, ndipo amamiza thupi lonse potsatira chithunzi cha kuikidwa m'manda ndi Khristu pa Aroma 6:4. Ife timathira madzi pamutu, tikukumbukira Ezekieli 36:25 pamene Mulungu akulonjeza kuwaza madzi oyera. Kusiyanaku kuno n'kwakale. Amishoni a ku Scotland anakhazika Blantyre Mission mu 1876, kenako mu 1892 kunafika Joseph Booth, wobatiza momiza, n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Ndiye anabatiza John Chilembwe. Mnzanu wa kuntchito akadzakuuzani kuti madzi anu anachepa, musakangane naye mwaukali. Muwerengereni 1 Petro 3:21, pamene akuti nkhani si kuchotsa litsiro la thupi, koma chikumbumtima chabwino pamaso pa Mulungu mwa kuuka kwa Yesu Khristu.

Amene sanakhoze mayeso sathamangitsidwa. Amabwerera m'kalasi kukadikira ulendo wotsatira, ndipo ine ndimaona kuti n'kwabwino kuchedwa miyezi ingapo kusiyana ndi kulumbira zinthu zimene simukuzimvetsa.

Tsiku la ubatizo fikani mapemphero asanayambe, chifukwa mlembi amayenera kuona mayina ndi kukukhazikani kutsogolo. Abusa amakuimiritsani pamaso pa mpingo n'kukufunsani ngati mukhulupirira Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ngati mwalapa ndi kulandira Yesu kukhala Mpulumutsi ndi Ambuye wanu, ndiponso ngati mulonjeza kukhala wokhulupirika mu mpingo. Yankhani momveka, osati kungogwedeza mutu, pakuti mpingo wonse ndiwo mboni. Kenako mumagwada. Abusa amatapa madzi ndi dzanja, amatchula dzina lanu, n'kukuthirani pamutu m'dzina la Utatu. Amayi ndimawauza kuti amange duku lomasuka mosavuta kuti madzi afike pamutu penipeni. Madziwo ndi wamba, a pampopi. Musawatapire m'kabotolo kuti mukawaze m'nyumba kapena pa okala, si mankhwala.

Wa kalasi akadwala mwakayakaya tsiku lisanafike, achibale aitane mkulu wa mpingo ndi abusa, osadikira Lamulungu. Zikachitika kuti wamwalira asanabatizidwe, koma anali atavomereza Khristu, ofedwa asazunzike mtima, awerengereni Luka 23:43.

Mukabatizidwa dzina lanu limalowa m'kaundula wa akhristu, mumalandira khadi, ndipo mumaloledwa kudya Mgonero wa Ambuye. Khadilo lisungeni m'pulasitiki pamodzi ndi zikalata za sukulu, lidzafunika pobatiza ana anu ndi pomanga ukwati. Mukasamuka, tinene kuchoka ku Ndirande kupita ku Bangwe, musangozimirira. Pemphani kalata yosamukira kwa mlembi wa seshoni, ndipo mukaipereke ku mpingo watsopanowo Lamulungu loyamba lomwelo, kuti mkulu wa mpingo wa m'mlaga wa kumeneko adziwe khomo lanu.