Khosi langa ndi foni iyi

Lachiwiri lapitali ndinadzuka khosi litauma gwa ngati chikuni, kuti ndione kumanzere ndimachita kutembenuka thupi lonse. Ndinangoti mwina ndagonera pilo molakwika, ndinamwa panado nkunyamuka, koma potsika kombi (minibasi) pa siteji ya Copacabana mtauni mu Harare muno ululu unali utafika paphewa mpaka kumsana kuno.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti geni yanga ya zitenje yonse ili pa WhatsApp. Kujambula, kuika pa sitetasi, kuyankha makasitomala aja ofunsa mtengo kasanu koma osagula, kuona ngati ndalama yotumiza pafoni ya EcoCash yalowa, mu kombi kuchokera ku Mufakose mpaka mtauni mutu uli pansi basi. Usiku ndiye usanene, magetsi kwathu amakonda kubwera anthu atagona ndiye ndimatchaja ndikugwiritsa ntchito pomwepo, chingwe chake chachifupi, ine nditapindika pamphepete pa bedi mpaka 1 koloko.

Ku kiliniki anesi anandipeza pabenchi nditawerama ndi foni yomweyo, anangoseka. Akuti amayi matenda anu ndi amene muli nawo m'manjawo. Kenako anandifunsa ngati manja akuchita dzanzi kapena kufooka, akuti zikafika pamenepo ndisachedwe ndibwererenso chifukwa mwina mtsempha wapanikizika. Mwayi wake ine zinali zisanafike.

Nditafika kunyumba ndinafufuza ndekha, eya pafoni pomwepo, musandiseke. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilo 5 ndipo wakhala pa timafupa 7 ta m'khosi. Dokotala wina wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera mu 2014 kuti ukaweramitsa mutu pang'ono chabe, madigiri 15, khosi limamva ngati makilo 12, ukafika madigiri 60 ngati mmene timachitira foni ili pamiyendo ndi makilo 27. Ndowa ya malita 20 yodzadza madzi ndi makilo 20 okha abale!

Ndikuwafotokozera agogo zimenezi iwo akundithowa ndi kansalu ka madzi otentha, sanadabwe nkomwe. Akuti iwe, ife tayamba kusenza ndowa tili atsikana kwathu ku Dedza, nkhata pamutu, ulendo wa kudambo kawiri patsiku, unamuona ndani akusenza atawerama? Madzi angatayike. Ndinasowa choyankha, pakuti mpaka lero pamene borehole yathu ili ndi mzere amayi amabwera ndi zigubu pamutu khosi lili chilili, ine wosenza kafoni kosakwana ndi theka la kilo ndi amene ndikubuula.

Panopa ndagula chingwe chachitali, ndipo mu kombi ndimaika chikwama pamiyendo, zigongono pachikwamapo, foni ifike kumaso. Vuto lake umaoneka ngati ukujambula anthu, dzana hwindi, kondakitala wa mu kombi, anandifunsa ngati ndikufuna kumuika pa Facebook, komanso ukakhala kuwindo mtauni muno foni ili m'mwamba choncho ndiye kuti wawapatsa wekha anyamata otsomphola aja. Pamenepo ndimangoibisa, makasitomala adikire. Anesi aja anandionetsanso kubweza chibwano m'mbuyo ngati nkhuku yodabwa, kakhumi, ndimachita podikira madzi a tiyi awire.

Dzulo madzulo tinaimbira achibale ku Dedza pavidiyo. Agogo foni anaigwirira kutali uko dzanja litatambasuka, msana uli nji, akuti pafupi saona bwino.