Nambala yomwe kakyuleta inakana

Sabata ino ndimamaliza ma indices ndi ana a Fomu 3. Lolemba ndinalemba ma 3 atatu osanjikizana pa bolodi, wina pamwamba pa mnzake. Ambiri anapeza 19,683 chifukwa anayambira pansi. Nsanja yotere amaiyambira pamwamba: 3 kupawa 3 ndi 27, ndiye 3 wapansi uja akwezedwe kupawa 27. Yankho ndi 7,625,597,484,987.

Lachiwiri mtsikana wina anawonjezera 3 wachinayi, kakyuleta n'kulemba Math ERROR. Zathu zakusukuluzi zimalekeza nambala ikapitirira madijiti 100, pomwe yakeyo ili ndi madijiti oposa 3.6 thililiyoni. "Sala, ndiye palibe angaidziwe?" Ndinati yonse ayi, koma kumchira kwake tikhoza kukupeza ndi choko chokha.

Lachitatu linathera kumsonkhano wa aphunzitsi ndi kuchonga makope.

Lachinayi masana tinakumana a kalabu ya masamu, majuzi ali m'thupi, chifunga chitaphimba phiri la Dedza. Ndinayamba ndi funso losavuta: lero ndi Lachinayi, pakatha masiku 100 lidzakhala lachingati? Palibe anawerenga masiku onse. Anagawa ndi 7, kwatsala 2, Loweruka. Mapawa a 3 nawonso amazungulira: 3, 9, 27, 81, 243. Kumapeto kuli 3, 9, 7, 1, kenako 3 wabwereranso. Gawani pawa ndi 4, chotsalacho chikuuzani dijiti yomaliza. Pawa wathu amathera 87, kutsala 3, ndiye chinambala chija chimathera 7.

Madijiti awiri omaliza amabwerera pakatha mapawa 20, poti 3 kupawa 20 ndi 3,486,784,401. Tikagawa 87 ndi 20 chotsala ndi 7, ndipo 3 kupawa 7 ndi 2,187. Ana anakuwa ataona 87 watulukanso. Apa m'pomwe ineyo ndimakondera phunziroli: nsanja ikamakwera, kumchira kumaima, dijiti imodzi imodzi, osasunthanso.

Lachisanu ndinawauza za nambala ya katswiri wa masamu Ronald Graham, yomwe mlembi wa nkhani za masamu Martin Gardner anaitchukitsa mu 1977. Ndi nsanja ya ma 3 yotalika moti palibe kompyuta ingailembe, komabe tikudziwa kuti imathera 2464195387. Mnyamata wakumbuyo anafunsa dijiti yoyamba. Imeneyo palibe akuidziwa, ndipo njira yathu ya zotsala siithandizako konse.

Mnzanga wa Physics anandipeza mu staff room n'kuti, "Achimwene, izi sizibwera pa MSCE." Akunena zoona. Koma sabata yamawa tikuyamba ma logarithm, ndipo funso loyamba ndalikonza kale: achulukitse 7,625,597,484,987 ndi log 3, yomwe ndi pafupifupi 0.4771, aone okha komwe 3.6 thililiyoni uja anachokera.