Mnyamata amene sakusiya kukula

Lolemba m'mawa mnyamata wathu uja anabweranso, ndipo polowa anaweramitsa mutu kuopa kugunda pamwamba pa chitseko. Ali ndi zaka 15. Mayi ake asanakhale n'komwe anayamba: "Adokotala, nsapato zija zamuthinanso, ndiye mutu sukumupatsa mpata."

Vuto lake tinalipeza mwezi watha. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary, kakang'ono ngati nsonga ya chala, kamene kamatulutsa homoni yokulitsa thupi. Kake kali ndi chotupa, ndipo homoniyo ikungokhuthuka. Titamumwetsa madzi a shuga, imene mwa munthu wabwinobwino imatsitsa homoniyi, yake sinasunthe. Chithunzi cha dzanja chinaonetsa kuti nsonga za mafupa sizinatsekeke, choncho akutalikabe. Zikanayamba mafupa atakhwima, akanangokula manja, mapazi ndi chibwano.

Lachiwiri ndinathera tsiku ndi ophunzira. Ndinawauza za jini (langizo la thupi lochokera kwa makolo) ya GPR101, imene ikabwerezeka pa chromosome X (kamodzi mwa timitolo tosunga majini m'maselo) mwana amayamba kukula modabwitsa akadali wakhanda. Matendawa, X-LAG, anangodziwika mu 2014. Iwo chidwi chawo chinali pa Robert Wadlow, munthu wamtali kuposa onse amene anayezedwapo, ndi masentimita ake 272 basi.

Zotsatira za mnyamata wathu zimene tinkadikira zinafika Lachitatu: jini ya AIP ndi yowonongeka. Ntchito ya jiniyi ndi kuletsa maselo a pituitary kuchulukana mwachisawawa. Ndi jini yomweyi imene mu 2011 anaipeza ili yowonongeka m'mano a Charles Byrne, chimphona cha ku Ireland chimene chinamwalira mu 1783. Magazi a makolo anaonetsa kuti mnyamatayu anatengera kwa bambo ake.

Lachinayi ndiye linandilemera. Bambowo ndi amsinkhu wamba, ndipo pituitary yawo ilibe kanthu. Ndinayamba ndi kuwamasulira kuti majini amene ndikunena si a ziwanda (liwuli landiputirapo mavuto kangapo), koma malangizo a thupi amene timalandira kwa makolo. Anamvetsera atagwira chipewa ndi manja onse awiri, akuchitembenuzatembenuza.

"Ndiye kuti ndamudwalitsa ndine?"

Ndinawafotokozera kuti mwa anthu asanu okhala ndi jini yotereyi, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amadwala, n'chifukwa chake imatha kudutsa mibadwo mwakachetechete. Mwana aliyense wa munthu wotere akhoza kuitenga kapena ayi, theka ndi theka. Sanayankhe. Amayi ndi amene anafunsa za mlongo wa mnyamatayu, wa zaka 7. Ine maganizo anga ndi akuti ayezedwe, chifukwa zotupa za AIP zimayamba msanga, zimakula kwambiri, ndipo kawirikawiri sizimvera mankhwala ngati octreotide. Kuchigwira chikadali chaching'ono kumapulumutsa ngakhale maso, poti mitsempha ya maso imadutsa pamwamba pomwepo.

Lachisanu tinakhala pansi ndi a opaleshoni, amene adzachotse chotupacho kudzera m'mphuno. Ndikutuluka madzulo ndinapeza bambo aja pabenchi, kamtsikanako katakhala pamiyendo pawo, katapindiratu malaya pamkono.