Kuika khadi ya remote management mu layibulale ya matepi

Layibulale ya matepi, makina osunga matepi a backup (makope a deta yanu), ikakhala yopanda khadi ya netiweki, ija ya remote management yoilamulira muli patali, ndi makina osalankhula. Imagwira ntchito yake usiku anthu atagona, loboti yamkatimo kutenga tepi pa slot, pamalo pake pokhala, kukailowetsa mu drive yolemba ndi kuwerenga matepi, kuibweza, kutenganso ina, koma chikavuta chinthu imangoyatsa kagetsi kachikasu kutsogolo kuja nkulemba uthenga pa kasikirini kakang'ono, basi yathana nazo. Nanga uthengawo auone ndani mchipinda cha maseva chokhala chokiya, chomwe mwina sabata yonse imatha osalowamo munthu? Pulogalamu ya backup imakuuzani ndithu kuti job, ntchito yokopera deta ija, yalephera, koma kawirikawiri sinena bwinobwino ngati vuto ndi tepi yotha, drive yakuda, kapena loboti yakodwa penapake. Nchifukwa chake ine layibulale iliyonse yomwe ndikuyang'anira, ngati kumbuyo kwake kuli malo oika khadi imeneyi, ndimalimbikira kuti igulidwe ndipo iikidwe. Makina atsopano ambiri amabwera nayo kale yomangira mkati, koma akale aja omwe akadali amphamvu zedi amafuna muchite kuikamo nokha.

Poyamba tigwirizane kaye kuti khadiyi ntchito yake nchiyani, chifukwa ena amaisokoneza. Deta ya backup sidutsa mmenemo ayi. Deta imayenda pa thambo la SAS kapena Fibre Channel kuchoka ku seva kupita ku drive, pa makina akale kwambiri ndi SCSI. Tangoganizani, drive yayikulu ya LTO-8 (LTO ndi mtundu wa matepi, nambalayo ndi mbadwo wake) imatha kulemba 360 MB pa sekondi imodzi, tepi imodzi nkulowa 12 TB musanafinye nkomwe, pamene makhadi ambiri akalewa ali ndi kapoti ka 100 Mbit komwe sikangapyole 12 MB pa sekondi. Ndiye mukuona kuti si njira ya katundu iyi. Khadiyi ndi yoti muzitha kuona ndi kulamula makinawo muli patali: mumatsegula browser, kulemba IP yake (adilesi yake ya pa netiweki), nkuona tepi iti ili pa slot iti, drive ikuchita chiyani, ma log akuti bwanji, mutha kukweza firmware (pulogalamu yamkati yoyendetsa makinawo), kuyesa loboti, ngakhale kuyambitsanso makina onse. Chachikulu kwa ine nchakuti imatumiza imelo kapena SNMP trap, uthenga wochenjeza wopita ku pulogalamu yoyang'anira netiweki, chinthu chikangovuta.

Musanagwire sikuludiraiva, onani kaye buku la makinawo ngati khadi yomwe muli nayo ndi ya mtundu umenewodi, komanso ngati firmware ya layibulale ikuidziwa. Pali makina ena omwe amafuna mukweze firmware kaye ndipamene aione khadiyo, ndipo ndi bwino kuzidziwa izi makina akadali oyaka, osati mwamanga kale zonse nkumadabwa kuti bwanji menyu ya netiweki sikutuluka. Mukatero pitani ku pulogalamu ya backup, imitsani ma job onse ndi omwe ali pamzere, ndipo bwezani matepi onse omwe ali mu ma drive ku ma slot awo kudzera mu pulogalamu yomweyo. Apa ndimanenetsa chifukwa pulogalamu ya backup imatha kuikhoma tepi mu drive, pali lamulo la SCSI loletsa kutulutsa tepi, ndiye mukamakakamira pa batani lakutsogolo makina amangokana inu nkumati awonongeka chonsecho akungomvera zomwe anauzidwa.

Kuzimitsa kwakenso kuli ndi dongosolo. Dinani batani lakutsogolo, dikirani loboti ibwerere pamalo pake poimikira, mumaimva ikuyenda kenako zii, ndipamene muzimitse kumbuyo nkuzula mathambo a magetsi. Ngati makinawo ali ndi ma power supply awiri zulani onse, limodzi likatsala ndiye kuti bolodi ikadali ndi moto. Ndikudziwa kuti alipo makina omwe amalola kusintha zina ali chiyakire, koma pokhapokha buku litalemba momveka kuti khadi imeneyi ndi yotero, zimitsani basi.

Ndiye nkhani ya lamba wa padzanja uja wochotsa magetsi a mthupi. Anzanga ambiri amamunyozera ati ndi zokometsera chabe, ine zimandiwawa kwambiri. Munthu amayamba kumva kuthetheka kwa static pakakhala ma volt pafupifupi 3,000, pamene tizipangizo ta pa khadi titha kupsa ndi ma volt 100 okha, kutanthauza kuti mutha kuipweteka khadi osamva kalikonse mchala. Choipa nchakuti nthawi zina siifa pompo, imagwira ntchito miyezi ingapo kenako nkuyamba kumazima yokha, ndipo palibe amene angaganize kuti zinayambira tsiku loika lija. Valani lambayo, kanikizani kachitsulo kake pa chitsulo chosapenta cha rack, khadiyo ikhale mkathumba kake kotuwa kaja mpaka nthawi yoilowetsa, ndipo poigwira gwirani mmbali, osakhudza timano tagolide takumapeto.

Kumbuyo kwa layibulale mupeza kachitsulo kotseka malo opanda kanthu, komangidwa ndi masikuluu awiri, nthawi zambiri aja omasula ndi zala. Kachotseni ndipo mukasunge, chifukwa tsiku lina khadi ikadzachoka bowolo lidzafunika kutsekanso kuti mpweya uziyenda njira yake ndipo fumbi lisalowe, tepi ndi fumbi sizigwirizana olo pang'ono. Walitsani tochi mkatimo. Muona tinjanji tiwiri mbali ndi mbali, ndipo kumapeto kwenikweni kuli soketi yomwe khadi ikalumikizike. Apa ndipamene pamafunika mtima wodekha. Lowetsani mmbali mwa khadi mu tinjanji tonse tiwiri nthawi imodzi, kankhani pang'onopang'ono, iyenera kutsetsereka mosavuta ngati dilowa ya tebulo. Ikatsala pang'ono kufika mumva yalimba, pamenepo ndiye kankhani ndi zala ziwiri mofanana mbali zonse mpaka chitsulo chake chigundane bwinobwino ndi thupi la makina, pasatsale kampata. Ikakana isanafike pamenepo musaikakamize chonde, itulutseni muonenso, mwina yaphonya kanjanji kamodzi. Mukapinda tima pin ta soketi yamkati ija ndiye kuti vuto lachoka pa khadi lapita pa bolodi yaikulu ya makina, ndipo imeneyo si ntchito ya masana amodzi. Masikuluu mangani ndi zala mpaka alimbe, ntchito yawo ndi kugwira khadi yomwe yalowa kale, osati kuikoka kuti ilowe.

Lumikizani thambo la netiweki, bwezerani magetsi, yatsani. Makina atenga kanthawi ndithu chifukwa loboti imayenda kuwerenga ma barcode a matepi onse, isiyeni imalize. Inu muziyang'ana tigetsi ta pa poti, kamodzi koyaka kosonyeza kuti yalumikizana ndi switch, kena kophethira.

Kunena zoona ntchito ya manja yathera pomwepa, ndipo ndi yochepa. Yeniyeni ikuyamba tsopano, ndipo ndi imene ambiri amaisiyira panjira.

IP yoyamba mumailemba pa kasikirini kakutsogolo ndi timabatani ta mivi tija, nambala imodziimodzi, kenako subnet mask, kenako gateway, zimatopetsa koma nkamodzi kokha. Ipatseni IP yokhazikika. DHCP, njira yogawa ma adilesi yokha, ndi yabwino pa malaputopu, koma chipangizo chomwe mudzachifune pakati pa usiku zinthu zitavuta sichiyenera kumasinthasintha adilesi, ndipo ngati mwasankha DHCP yomweyo ndiye bola muimangirire adilesiyo ku MAC ya khadi, nambala yake yobwera nayo ku fakitale. Makina ena amafuna muwayambitsenso kuti adilesi igwire. Mukalowa pa browser chinthu choyambirira, musanasirire nkomwe zithunzi za ma slot, sinthani pasiwedi. Ma pasiwedi obwera nawo ku fakitale ali mmabuku omwe aliyense atha kuwapeza pa intaneti.

Pano ndiime kaye chifukwa ndipamene mtima wanga uli. Chifukwa chachikulu chomwe anthu akugwiritsirabe tepi mpaka lero, kuyambira LTO-1 ya 100 GB mu 2000 kufika LTO-9 ya 18 TB mu 2021 ndi kupitirira apo, nchakuti tepi yomwe ili pa slot kapena pa shelefu siyolumikizidwa ku chilichonse. Ransomware, pulogalamu ya akuba yokhoma mafayilo kuti muwalipire, itha kumanga ma disk onse a pa netiweki koma singafike pa kaseti yomwe siili mu drive. Tsono mukaika khadiyi mwatsegula khomo lolamulira loboti yomwe imanyamula matepi amenewo. Munthu woipa akalowa atha kusintha ma setting, kuzimitsa makina pakati pa backup, kusuntha matepi, kapena kutseka mauthenga ochenjeza kuti musadziwe kanthu. Ndiye khadiyi isakhale pa netiweki ya aliyense, ikhale pa VLAN (chigawo chopatulidwa cha netiweki) yakeyake ya zoyang'anira makina, yofikika ndi makompyuta ochepa okha, ndipo isaonekere ku intaneti zivute zitani, wofuna kulowa ali kutali adzere pa VPN, njira yobisika yolowera mu netiweki yanu. Yatsani HTTPS ngati ilipo, tsekani telnet ndi FTP ngati simukuzigwiritsa ntchito. Makhadi akale ena amangodziwa njira zakale zobisira uthenga moti browser yatsopano imakana kutsegula tsamba lake, chimenecho chikhale chifukwa china choibisira kuseri kwa firewall osati chifukwa chosiyira zonse pambalambanda. Pa SNMP napo, ngati ikutha version 3 gwiritsani imeneyo chifukwa ili ndi dzina, pasiwedi ndi kubisa, pamene v1 ndi v2c zimangodalira liwu limodzi loyenda poyera, lomwe nthawi zambiri limabwera lili public. Lisintheni.

Nthawi nayonso ikonzeni, ilozeni ku seva ya NTP, yomwe imakonza mawotchi a makina pa netiweki. Zimaoneka zazing'ono koma tsiku lomwe mukufananiza log ya layibulale ndi ya seva ya backup kuti mudziwe chinayamba nchiyani, mawotchi akasiyana mumangozungulira mutu.

Kenako mauthenga aja. Lembani seva ya imelo, ndipo adilesi yolandira ikhale ya gulu osati ya munthu mmodzi, anthu amapita kutchuthi, amasiya ntchito, makina nkumangolembera bokosi lomwe palibe akulitsegula. Ngati muli ndi pulogalamu yoyang'anira netiweki lozani ma trap kumeneko, amadzera pa UDP 162, ndipo firewall iwalole. Ma drive ali ndi njira yawo yodandaulira yotchedwa TapeAlert, ili ndi ma flag 64, ena onena kuti tepi iyi yatopa, ena kuti drive ikufuna kutsukidwa tsopano, ena kuti tepi yotsukira yatha mphamvu. Tepi yotsukira ya LTO, ija barcode yake imayamba ndi CLN, imatsuka mpaka ka 50 basi, ndipo drive mumaitsuka ikapempha yokha osati mwachizolowezi. Zonsezi kale zimathera pa kasikirini kaja, pano zikufika pa foni. Chinanso chomwe ndimachikonda, tepi yatsopano ya LTO-9 ikalowa mu drive koyamba imayamba yadzikonza kaye, zomwe zitha kutenga mpaka maola awiri, ndiye pa tsamba la khadi mumaona kuti drive ili pantchito sinafe, mumaleka kuizimitsa mwamantha.

Musanachoke mchipindamo dinani batani lotumiza uthenga woyesera, ndipo muone ndi maso anu kuti wafika mu inbox osati mu spam. Khadi yoikidwa bwino koma yosatumiza kanthu ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa mumakhala phee kuganiza kuti kukhala chete ndiye kuti zonse zili bwino. Sungani ma setting ku fayilo ngati makina akulola, lembani IP ndi MAC mu kaundula wanu, kenako bwererani ku pulogalamu ya backup muiuze iwerengenso matepi, yambitsani ma job, ndipo yesani kubweza fayilo imodzi kuchoka pa tepi kuti mutsimikize kuti njira ya deta sinasokonezeke pozimitsa paja.

Chenjezo limodzi kwa amene mwangoyamba kusangalala ndi tsambali: musamasunthe matepi pa browser pulogalamu ya backup isakudziwa. Iyo imasunga mndandanda wake wa tepi iti ili pati, mukasuntha mwakachetechete idzakafuna tepi pa slot yopanda kanthu usiku job nkugwa. Ngati mwasuntha, ipangitseni inventory pompo, ndiko kuti iwerengenso matepi. Ndipo khadi ilibe manja, kutulutsa matepi a sabata ino pa mailslot, kakhomo kolowetsera ndi kutulutsira matepi, nkukawasunga kunyumba ina kukufunabe munthu woyenda ndi miyendo, choncho pa ndandanda wa ntchito dzina la munthu ameneyo lisachoke.