Zikomo adada a ming'oma, ndafika kunyumba

Ndafika kunyumba dzulo madzulo, abale anga. Mwendo uli m'chikhakha kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo, ndipo adokotala ati ndisaupondere pansi kwa masabata 6. Mauthenga anu ndawaona, ena sindinawatsegule n'komwe, mundikhululukire, mutu sunakhazikike. Usiku wathawu tulo tinali tochepa, ndikangotseka maso ndikumaona nkhungu ija. Ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndilembe pano kamodzi.

Choyamba Mulungu. Inu amene mutamva kuti ndasowa m'nkhalango ya Kaning'ina kuno ku Mzuzu Loweruka lija munagwada, mapemphero anu sanapite pachabe. Ambuye, munatuma munthu kumalo kopanda munthu, landirani ulemu wanu.

Nkhani yake ambiri mwaimva kale, kwina yoona, kwina yothiridwa mchere, ndiye sindiyambira kutali. Mukudziwa kuti chaka chino ndinatsimikiza mtima zokathamanga nawo Porters' Race ku Mulanje mu Julaye. Mpikisano umenewu suli ngati wa pamsewu. Mukanyamuka pa Likhubula ndi chikweza chokhachokha mpaka pamwamba, kenako kutsika pamiyala, ndipo unayamba ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phirilo, anthu oti phiri analizolowera ngati khonde la nyumba yawo. Kuzungulira pa Mzuzu Stadium kapena kuthamanga paphula la msewu wa ku Nkhata Bay kumakupatsa mpweya, koma sikuphunzitsa phazi kusankha popondera. Zimenezo imaphunzitsa ndi nkhalango. N'chifukwa chake kuyambira mu Epulo, Loweruka lililonse tinkalowa ku Kaning'ina, nthawi zina kukwera galimoto mpaka ku Chikangawa kukathamanga m'mapaini.

Tsikulo tinalipo 9. Kunacha ndi kamvula kowaza ka mu Juni, koti ku Mzuzu kuno sitikawerengera. Pokwera panalibe vuto. Amene mumathamanga m'mapiri mukudziwa kuti choopsa ndi potsika, miyendo itatopa, maso akuyang'ana kutsogolo m'malo moyang'ana pansi. Ndinatsalira pang'ono kumanga chingwe cha nsapato, nkhungu n'kutsika nthawi yomweyo, ndipo pamphambano ina ndinalowera kumanja anzanga atapita kumanzere. Nditazindikira kuti ndasochera ndinafulumira kuti ndiwapeze. Phazi linalowa pansi pa muzu, thupi n'kupitirira. Ndinangomva thyo! ngati nthambi youma.

Inali cha m'ma 10 koloko. Foni inali itatsala pang'ono kuzima chifukwa app yoyeza mtunda imadya batire kwambiri, komanso m'chigwa mmene ndinagweramo netiweki munalibe. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Nkhungu imameza mawu, abale, umakuwa koma umadzimva wekha. Ululu unalipo, koma chimene chinandiopsa ndi chisanu. Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera panyanja yamchere, ndipo mapiri a Kaning'ina ali pamwamba kuposa tauni. Ukamathamanga sumva kanthu, koma ukangoima, malaya atanyowa ndi thukuta komanso mvula, thupi limataya kutentha mofulumira. Pofika masana mano anali akugundana, zala zikulephera kutsegula zipi ya kachikwama. Ndinayamba kutchula mayina a ana anga mokweza, kubwerezabwereza, kuti ndisagone.

Ndiye kunabwera adada aja.

Dzina lawo sindilemba pano, sindinawapemphe, koma kunyumba kuno tikungowatchula kuti adada a ming'oma. Ndi bambo achikulire, imvi mbuu, amaweta njuchi m'mphepete mwa nkhalango, ndipo tsikulo ankayendera ming'oma yawo ndi mdzukulu wawo, kamnyamata ka ku pulayimale. Akuti kukuwa kwanga sanakumve. Anaona mapazi a nsapato pa kanjira koti sipadutsa anthu ovala nsapato zotero, opita okha, obwerera palibe, ndiye anauza mdzukuluyo kuti tiye titsatire. Chimenechi ndikachiganiza misozi ikungotuluka. Akanatha kungodutsa. Dzuwa linali litapendeka, mvula ikuwaza, iwonso ali ndi kwawo.

Atandipeza sanathamangire kundigwira. Anaima chapatali, anavula chipewa, n'kundipatsa moni m'Chitumbuka, ndipo atamva ndikuyankha m'Chichewa anasintha nawo. Amayi anzanga mukudziwa zimene zimabwera m'mutu uli wekha m'nkhalango, sungathawe, ndipo watulukira mwamuna ali ndi chikwanje m'manja. Iwo anachiponya pansi chikwanjecho ndisananene kanthu, n'kufunsa kaye ngati angaone mwendowo. Anavula jekete lawo, anandipatsa, anatembenuka kuyang'ana kumbali, anati vulani chonyowacho muvale ili. Atatero anadula timitengo tiwiri towongoka, anasenda luzi, anamanga mwendo uku ndi uku, osaukoka, osayesa kuuwongola. Kuchipatala adokotala pomasula luzi lija anafunsa kuti wamanga ndani, ndipo anati akanaukoka monga amachitira ena pofuna kubwezeretsa fupa, bwenzi nkhani ili ina.

Munthu wa njuchi sayenda wopanda machesi. Nkhuni zonse zinali zonyowa, koma iwo anang'amba chipika chakufa, anatenga zouma za m'kati, moto n'kuyaka. Nambala ya bambo a ana anailemba ndi khala pamkono pa mdzukulu, anamutuma kumudzi kuti akaimbe foni komanso akaitane anthu. Ine ndinaganiza kuti apita limodzi. Anakhala. Anatulutsa mbatata yootcha imene inali kamba wawo, ndi kabotolo ka uchi, n'kumandipatsa pang'ono pang'ono. Ndikafuna kudya mofulumira ankati, "Pachoko pachoko, mwana wane." Bambo anga ondibereka anamwalira kalekale, ndipo mawu oti mwana wanga, ochokera pakamwa pa munthu wamkulu chonchija, ndinali nditaiwala mmene amamvekera.

Ataona kuti ndikusinza anayamba kundicheza, ndipo pano ndikuona kuti ankachitira dala kuti ndisagone. Anandiloza kamtsinje kamene kankalira pansi pathu, anati madzi amenewa akupita kumtsinje wa Lunyangwa, akafika kudamu, ndiye omwe mumatsegula pampopi kutauni kwanuko. Anandiuza mitengo imene njuchi zimakonda, ndi mmene ming'oma yawo yakhala ikusunthira m'kati chaka ndi chaka chifukwa m'mphepete mitengo ikutha ndi makala. Sankadandaula, ankangofotokoza. Ine ndathamanga m'nkhalango imeneyi miyezi itatu ndikuitenga ngati bwalo la masewero, ndikuyang'ana wotchi, osafunsa kuti madzi ake amapita kuti kapena amakhalamo ndani. Pamene ndikulemba pano thumba la makala lili kukhitchini kwanga. Yankho lake sindinalipeze, magetsi ndi mmene mukuwadziwira, koma thumba limenelo likundivutitsa mumtima.

Anthu anafika kutada kale. Amuna anayi, ndi amama, akazi awo a adada, atanyamula zitenje ndi chindongwa (thobwa) chofunda m'kabotolo. Anamanga machira a mitengo iwiri ndi matumba. Kanjira kotsetsereka, dothi lofiira loterera, kuwala kwake kwa tochi za m'mafoni basi. Pamalo ena oipa kwambiri adada anamuuza mnyamata mmodzi kuti apumule, anagwira okha ngodya ya kumutu, munthu wa msinkhu wawo, ali ndi kamalaya kopyapyala chifukwa jekete linali pathupi langa. Ndinkamva mmene ankapumira. Ndinati adada, tasinthanani ndi anyamatawa, anandiyankha kuti njira iyi ndi iwo akuidziwa. Anyamata inu anayi, amama, ngati wina angakuwerengereni izi, yewo chomene. Mulungu akuonjezereni pamene mwachotsa.

Bambo a ana, zikomo. Kuyambira masana munali m'tchire mbali ina ya phiri, mukuitana dzina langa, nsapato za ku ofesi zili kumapazi. Mmene munandigwirira dzanja pagalimoto paja osanena kanthu, ndinamva zonse. Apongozi anga, munakwera basi usiku womwewo kuchokera ku Dedza, ndipo ana sanagone ndi njala, sanajombe kusukulu. Aneba athu a ku Katoto, amene munapereka galimoto osafunsa za mafuta. Amayi a kumpingo, phala la mmamawa uliwonse ndi nyimbo zija pawodi. Anamwino a usiku woyamba, makamaka asisi amene munandifunditsa mabulangete awiri n'kumabwera kudzandigwira mapazi kuona ngati afunda. Anzanga a kuntchito amene mwagawana ntchito yanga. Mwa amene tinathamanga limodzi, inu awiri amene mutafika pansi n'kuwerenga mitu munabwereranso kuphiri muli otopa, osadya, mpaka mdima, ndikukudziwani ndipo sindidzaiwala.

Enanu, sindikusunga mangawa, koma ndinene. Tinalowa 9, munatuluka 8, munajambulitsa, zithunzi zinafika pa Facebook ine ndili chigonere m'chigwa. Wina anati mwina wabwerera yekha kunyumba, nonse n'kuvomera, popanda woimba foni kunyumbako. Timanena tokha tisananyamuke kuti pamphambano iliyonse wakutsogolo adikire wakumbuyo. Lamulo limeneli silikhala la tsiku la dzuwa lokha. Kusochera ndinasochera ndine, ndipo kulowa m'nkhalango mu Juni wopanda jekete, wopanda wezulo, linali vuto langa, ndavomera. Koma kuwerenga mitu sikufuna ndalama. Ndipo inu amene simunabwere kuchipatala koma mwapeza mpata wofunsa pa WhatsApp kuti mayi wa ana amakatani m'tchire, mawu anu afika. Amene anandipeza m'tchiremo sanandifunse funso limenelo.

Ndibwerere kwa adada, poti mtima ukungobwerera komweko. Lachiwiri ndili pabedi ndinangoona munthu waima pakhomo la wodi, chipewa chili m'manja. Anali iwo. Anayenda wapansi mpaka pamsewu, n'kukwera kabaza ndi ndalama zawo, atanyamula botolo la uchi, kuti adzaone ngati mwendo uja unapulumuka. Bambo a ana anawatengera panja kuti awapatse kangachepe. Anakana. Anawakakamiza, anakanabe, mpaka nkhope inasintha ngati tawanyoza. Anati nawonso ali ndi mwana wamkazi ku Lilongwe, ndipo akadzagwa kumeneko adzamutola ndi munthu wosamudziwa. Chimene analola ndi ya kabaza yobwererera basi. Anakhala pampando mphindi zochepa, anandifunsa ngati ndikudya, anapemphera m'Chitumbuka, mawu ena sindinawamve koma ndinati ameni ndi mtima wonse.

Adada, ndikudziwa kuti izi simuziwerenga nokha, koma mdzukulu wanu wamkulu wandilonjeza kuti akuwerengerani. Munanditcha mwana wanu m'nkhalango, ndiye dziwani kuti ku Katoto muli ndi nyumba. Mukabwera kutauni musagone ndi njala, musasowe pofikira. Mulungu asunge maso anu amene anaona mapazi aja, asunge miyendo yanu, ming'oma yanu idzaze. Ndipo anzanga, uchi wawo amagulitsa. Ndalama yaulere akana, koma ya uchi sangakane, ndiye amene mukufuna ndiuzeni ku inbox, tizitenga pamodzi.

Ku Mulanje chaka chino sindipita, ndalira nazo ndipo zatha. Adokotala ati chikhakha chikachoka padzakhala mafizo, kuphunzira kuponda kaye, kuthamanga pambuyo. Amene mukufuna kudzandiona bwerani masana, mmamawa mankhwala akumandigonetsa.

Jekete lawo lija lidakali kuno. Apongozi alichapa, asoka thumba limene linali long'ambika, ndipo likununkhirabe utsi. Loweruka bambo a ana akukalipereka, ndipo ana akakamira kuti apita nawo akawaone agogo awo.