Chimunthu chimene chinakana kupatuka mumsewu

Kagalimoto kanga kanabwera kopanda ma fog light akutsogolo, nyali zija zoyendera muchifunga. Pa bampala pali timabowo tiwiri totseka ndi pulasitiki wakuda, kutanthauza kuti anzake a mtundu omwewo ali nawo koma kangaka anakamana. Nde zinkandiwawa, makamaka ndikaona ena akudutsa nyali zinayi zili ngwee ine ndili ndi ziwiri zotopa.

Mmutu mwanga nkhani inali yophweka. Chifunga chimakutseka maso, nde gula nyali yowala kuposa zonse, basi nkhani yatha. Ndinalowa pa intaneti nkusankha chimene chinali ndi manambala akuluakulu, chi spotlight chozungulira cha LED, 6000K, choyera mpaka kumapita ku blue. Ine K ameneyo ndinkati ndi mphamvu, kumene ndi mtundu chabe wa kuwala, nambala ikakwera kumayera mopita ku blue, ikatsika cha m'ma 3000K kumakhala kwa yelo. Ndinagula chimodzi chokha poti ndinaona kuti chigwira ntchito ya ziwiri.

Chitafika sichinakwane mu timabowo tija, ngakhale theka. Ndinati aaa bola, ndichikweza pa kaliyala chizikaonera kutali chili pamwamba. Chitsulo chakutsogolo cha kaliyalayo chimagwedera nde ndinachimanga pa chakumbuyo, chikuyang'ana kutsogolo podutsa pamwamba pa denga. Fyuzi ndinaika, musandinyoze kwambiri. Chimene sindinachilabadire ndi eliyo ya wailesi imene ili kutsogolo kwa denga, yomwe mwana wanga wamkazi anasomekapo kachidole kake ka mutu waukulu, manja ali tambasu, ati kazitilondera galimoto.

Tsiku loti ndichiyese linakwana mmamawa wina kusanache, ndili ndi alamu anga pa ulendo. Alamuwa ndi munthu wofatsa, wa ulemu wake, oti ngakhale galu akawatsekera njira amamupempha kaye. Tatsika kachitunda kena kulowa mchigwa, chifunga chija phi! Mzere woyera wa mumsewu ukuoneka timizere tiwiri tokha kenako palibe.

Ndinayamba ndi kumenya fulu. Zinaipiratu. Kutsogolo kunangoti mbuu ngati wina wakuta galasi ndi bedishiti. Pano ndikudziwa chifukwa chake, chifunga ndi timadontho ta madzi tating'onoting'ono tikuyandama mu mpweya ndipo kadontho kalikonse kakalandira kuwala kamakumwaza, kwina nkubwerera kwa iwe amene wakutumiza, nde fulu poti amaponya kuwala molunjika komanso mokwera umakhala ukudzithobwa wekha mmaso. Koma nthawi imeneyo ine ndinangoti kuwala kwachepa.

"Alamu, gwirani mtima, muone zinthu," ndinatero, chala chili pa switchi.

Thee!

Kunja konse kunayera mpaka dashibodi kumaoneka ngati masana. Ndipo pakati penipeni pa kuyerako, kutsogolo kwathu, panaima chimunthu. Chakuda bii, chachitali kuposa nyumba, chimutu chachikulu, manja chatambasula mbali zonse za msewu.

Ndinaponda buleki. Chimunthu chija chinawerama kenako nkudzuka, kuwerama, kudzuka.

"Alamu, mukuona zimene ndikuonazi?"

"Ndikuona alamu, koma sindikufuna."

Ndinaimba hutala, sichinasunthe. Ndinati ndichilambalale chakumanja, nacho chinapita kumanja. Kubwerera kumanzere, chili pompo. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kuchiyandikira, icho chikubwerera chambuyo osatembenuka, mtunda wake omwewo, chikugwedeza mutu ngati chikuti bwera uone. Apa thukuta linali litayamba kale kutsikira mu kolala ngakhale kunja kunali kozizira. Ndinaima.

Alamu anatsitsa galasi pang'ono, potulukira mlomo pokha.

"Pepani akuluakulu, tingodutsa nawo. Tilibe mlandu ndi munthu."

Zii.

Chimene sindinkachiganizira nkomwe ndi choti ndaima pakati pa msewu, muchifunga, galimoto ya mtundu wotuwa. Choopsa chenicheni chinali kumbuyo. Tinangomva mabuleki a mpweya tsiii, kenako chihutala cha thiraki chimene chinandinyamula pa mpando. Mwayi wake dalaivalayo amabwera chokwawa. Anatikuwira kuti tichoke mumsewu, ine nkukankhira kagalimoto kunja kwenikweni pa udzu, chimunthu chija nacho nkupatuka nafe limodzi.

Anaimika thiraki yake kunja kwa msewu, anayatsa ma hazard, nkubwera wapansi. Anali bambo wachikulire, chipewa cha ulusi kumutu. Ine ndisanayambe kufotokoza anayang'ana kutsogolo, anayang'ana pa denga, sanayankhule. Kenako tili mkatimo tinaona chidzanja chachikulu chikutsika kuchokera kumwamba, chinagwira chimunthu chija pamutu nkuchizula, kupita nacho.

Alamu anakuwa mawu oti sindinawamvepo mkamwa mwawo chikwatire mlongo wawo.

Bamboyo anagogoda pa galasi, kachidole kali mmanja. "Achimwene, mdani wanu ndi uyu."

Anaseka mpaka kutsamira pa boneti. Atamaliza anati zimitsani chinthu chanucho mubwere muone. Anatitengera kutsogolo kwa thiraki yake nkutilozera tinyali tiwiri pansi pa bampala, ta yelo, tosawala mochititsa mantha ayi. Koma phula limaoneka bwinobwino, mzere wa mmbali mwa msewu ukuoneka, ngakhale udzu wa mmphepete. Kuwala kwake kunali kophwatalala, kotambalala mmbali, pamwamba pake kodulidwa ngati ndi lula, kopanda kokwera mmwamba kukamenya chifunga pamene pali maso a dalaivala.

"Zimenezi si zoonera kutali," anatero. "Ndi zoonera pamene matayala akupita. Chanucho ndi choyendera kutchire usiku kopanda chifunga, kopandanso wobwera kutsogolo. Mwachiikanso kumwamba, kuseri kwa mutu wanu. Munkafuna kuona msewu kapena kanema?"

Ndinati nanga ndikagula zenizenizo ndiye kuti ndizithamanga bwinobwino eti? Anandiyang'ana nkupukusa mutu. Ndinadzawerengera ndekha pambuyo pake, pa 60 km pa ola galimoto imadya pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, nde ngati ukuona mamita 30 okha uli ndi masekondi osakwana awiri kuti uone chinthu, uganize, uponde buleki, galimoto iime. Palibe nyali imene ingakugulire nthawi imeneyo, umangoyenera kuchotsa phazi.

Chimene chinandimaliza ndi ichi. Analowetsa mutu mu kagalimoto kanga, nkudina kabatani kena pafupi ndi chiwongolero kamene ine chigulire galimoto ndinkakaopa kukagwira. Pa dashibodi panayaka kachizindikiro ka olenji, kanyali kali ndi timizere topita kumanja todulidwa ndi kamzere kokhotakhota. Kumbuyo kunayaka nyali imodzi yofiira kwambiri, mbali ya dalaivala. Rear fog light. Ndinali nayo nthawi yonseyi! Ndipo si kuti inayo yapsa babu, magalimoto ambiri imakhala imodzi yomweyo. Babu yake nthawi zambiri ndi ya 21W, ofanana ndi ya buleki, pamene tinyali wamba takumbuyo ndi ta 5W, nde muchifunga ndi imene imauza wakumbuyo kuti kuno kuli munthu.

"Mukanayatsa iyi ndikanakuonani kalekale. Koma chifunga chikangotha muzimitse, imathobwa wakumbuyo, komanso mukaponda buleki sazindikira msanga poti kwafiira kale."

Ndipo nzoona, ku UK malamulo a pamsewu amachita kunena kuti ma fog light ndi a pamene sukuona kupitirira mamita 100, kukayera zimitsa. Awa amayenda nawo oyatsa usiku wabwinobwino kuti galimoto izioneka ya ukali, amangovutitsa anzawo.

Tinanyamuka tili pa dimu, nyali yofiira ija ikuyaka, thiraki ili kumbuyo patali ndithu, alamu ali chete manja pa maondo.

Chi spotlight ndinachitsitsa. Ndinapeza ma fog light opangira galimoto yangayo, olowa mu timabowo tija, ndipo ulendo uno ndinapita kwa makaniko wa zamagetsi aike ndi relay yomwe, kaswitchi ka magetsi koyatsira nyalizo. Iyeyo ndi amene anandiletsanso nzeru ina imene ndinali nayo, yochotsa mababu a halogen nkusomekamo a LED owala kwambiri, ati chigoba chimene anachipangira halogen ukachipatsa babu ina kuwala kumangomwazika, mzere wodula pamwamba uja nkusokonekera, wabwereranso ku fulu. Za mtundu anati ndisankhe ndekha. Ndinatenga yelo chifukwa maso anga satopa nayo, osati kuti imaboola chifunga, chimene chimagwira ntchito ndi malo amene nyali yakhala ndi mmene kuwala kwadulidwira. Tinaimika galimoto pamalo osalala mamita 7.6 kuchoka pa khoma, iye nkumapotokola ka sikuluwu mpaka mzere wa pamwamba wa kuwala unatsika masentimita 10 kuchoka pa msinkhu wa nyalizo. Kachizindikiro kake ka kutsogoloku ndi kobiriwira, timizere topita kumanzere.

Vuto linatsala ndi limodzi. Bambo wa thiraki uja mu kuseka kuja anaponya kachidole mthumba la jekete nkupita nako. Mwana atafunsa kuti adadi chidole changa chili kuti, ine ndikusakasaka bodza labwino, alamu anayankha nkhope ili gwaa.

"Chinatengedwa ndi dzanja lochokera kumwamba, mwanangu. Ine ndinalipo."