Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kasawala wa mufiriji

M'gawo lapitalo ndinafotokoza momwe ndinapezera ganyu yothandiza ofufuza za nsomba ku Mangochi. Ntchito yanga inali kuyeza kasawala, tiana ta chambo timene tangoyamba kudziyimira patokha, poti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwimako.

Tinkachoka panyanja dzuwa litapendeka, ndipo popeza tinsomba totere sitichedwa kuwola kukatentha, tinkatiika m'timatumba tapulasitiki n'kutisunga mufiriji kuti tidzatiyeze tsiku lina. Madzulo ena ndinali ndi mpata, choncho ndinayeza tinsomba makumi awiri tisanaundane, kuyambira kukamwa mpaka potulukira mchira, n'kulemba m'kope. Patapita milungu iwiri ndinatisungunula m'beseni n'kutiyezanso, koma manambala anakana kugwirizana. Pafupifupi kalikonse kanali katafupika ndi milimita imodzi kapena kucheperapo, mimba zitafota, ndipo pansi pa kathumba panali timadzi tofiirira.

Mtima unandigunda poganiza kuti ndalakwitsa ndipo ganyu yanga yatha. Bambo amene ankandiphunzitsa ntchito anayang'anitsitsa m'kopemo nati, "Mwanawe, sunalakwitse ayi, watulukira wekha chimene ambiri amachinyalanyaza." Anandifotokozera kuti madzi a m'thupi la nsomba akaundana amafufuma n'kusanduka timibulu ta ayezi timene timang'amba minofu, ndipo posungunuka madziwo amatayika, nsomba n'kukwinyika ndi kupepuka. Kansomba kakang'ono kamasintha kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake chifukwa mafupa ake amakhala asanalimbe. Ngakhale formalin ndi sipiriti, zimene ena amasungiramo nsomba, nazonso zimafupikitsa thupi, ndipo formalin amathanso kudya timiyala ta m'khutu timene amawerengerapo masiku a kansomba, pomwe firiji imatisiya bwinobwino.

Milimita imodzi imaoneka yachabe kwa munthu wogula usipa pamsika, koma pa kansomba ka mamilimita 20 ndi gawo limodzi mwa magawo 20, ndipo likhoza kunamiza wofufuza kuti nsomba za malo ena zikukula pang'onopang'ono. Kuyambira tsikulo kope langa linakhala ndi mizere iwiri, wa kutalika kwa kansomba katangovuulidwa ndi wa kutalika kwake katasungunuka, pamodzi ndi masiku amene kanakhala mufiriji. Mwezi wotsatira bambo aja ananditenga m'boti kuti ndizikayezera pamadzi pomwepo.